Za matabuleti a ku fakitale kwathu ndi kope la malume ku Ndirande

Lachitatu lapitali ndinali pa foni ndi malume anga aku Ndirande pafupifupi ola lathunthu, bandulo yawo inatha kawiri konse mpaka ndinachita kuwagulira ina. Mkati mwa macheza anangoti, "Mphwanga, ndamva kwa mayi ako kuti ku ntchito kwanuko akuikirani makompyuta paliponse, nanga sakuchotsani ntchito?" Ndinaseka, koma kuwayankha bwinobwino ndinalephera chifukwa kumbuyo kwawo gilayinda imalira ndipo mnyamata wina amangowaitana. Nde ndati ndilembe pano, mwina wina mwa ana awo awawerengera.

Kwa amene simundidziwa, ine ndimagwira ntchito pa kafakitale kena kuno ku Lancashire, kumpoto chakumadzulo kwa England, dera lomwe kale kunali mafakitale a nsalu za thonje okhaokha, mpaka pano ukamayenda pakati pa Blackburn ndi Burnley umaona machumuni ataliatali a njerwa atangoima osatulutsa utsi. Pathu tilipo anthu osakwana 40. Timapanga mabokosi azitsulo aja amaikamo zamagetsi, mashelefu, mabulaketi, zoterozo basi. Chitsulo chimabwera ngati lata lalikulu lafulati, chimadulidwa ndi laser, kenako chimapita pa makina opinda omwe timawatchula kuti press brake, kuchoka apo kowotcherera, kumapeto kwa penti wa ufa uja amachita kumuphika mu uvuni. Ine ndili kowotcherera, ntchito yomwe ndinaphunzira pa shedi ya malume omwewa ndili Fomu 2, masiku a holide.

Nditayamba ntchito pano chomwe chinandidabwitsa ndi mapepala. Munthu ukakhala kumudzi umaganiza kuti ku Ulaya chilichonse ndi batani, koma ayi ndithu. Oda iliyonse imakhala ndi khadi lake, pepala lolembedwa pamanja theka, losindikiza theka, lili mu kapulasitiki, limayenda limodzi ndi zitsulo pa paleti kuchoka pa makina awa kupita pa awo. Pofika kwa ife khadilo limakhala litadetsedwa ndi oyilo, wina waikapo kapu ya tiyi, wina walembapo nambala ya foni ya chibwenzi. Ndipo likasowa, eee, ntchito yonse imaima. Umaona bambo wamkulu ndevu zake akuzungulira fakitale yonse kusuzumira pansi pa mapaleti ngati akufuna nkhuku yoti yasochera.

Tsiku lomwe zinafika poipa sindidzaliiwala. Kasitomala wina anaoda mabokosi 60 oyera. Mitundu ya penti kuno imayendera manambala, woyera uja ndi RAL 9010, pomwe wotuwa yemwe timapaka pafupifupi tsiku lililonse pa mabokosi a magetsi ndi RAL 7035. Khadi lenileni linasowa, wa muofesi analemba lina mothamanga, malo a mtundu anasiya osalemba, wa ku penti naye anangoti aa, ndi mabokosi a magetsi awa, wotuwa basi. Onse 60 anatuluka mu uvuni ali otuwa bwinobwino, okongola zedi, koma olakwika. Tinabwera Loweruka kudzachotsa penti, bwana nkhope ili psuu ngati tomato, osalankhula ndi munthu mpaka Lachiwiri.

Ndi mkwiyo umenewo womwe unawapangitsa kuimba foni ku Made Smarter.

Ndifotokoze pang'ono chomwe chili chimenechi chifukwa ngakhale anzanga achimalawi omwe tili nawo kuno ku Manchester ambiri sanachimvepo. Mu 2017 boma la UK linapempha Juergen Maier, yemwe nthawi imeneyo anali mkulu wa kampani ya Siemens kuno, kuti atsogolere kafukufuku wa momwe mafakitale angagwiritsire ntchito luso la makompyuta. Lipoti lawo linatuluka mu October chaka chomwecho ndipo linati ngati mafakitale atalowa bwino mu zimenezi, phindu lake likhoza kufika mapaundi 455 biliyoni pa zaka khumi. Manambala otere ine sindimawatengera kumtima, aliyense wolemba lipoti amafuna nambala yoti nduna idzidzimuke. Koma mfundo ina yomwe inalimo ndi yoona, yoti makampani akuluakulu ngati opanga ndege ndi magalimoto anapita kale patsogolo, otsalira ndi tating'onoting'ono ngati ife, omwe bwana wake ndi yemweyo wogula zitsulo, wolemba anthu ntchito, wokangana ndi a banki, nthawi yoti akhale pansi n'kumaphunzira za mapulogalamu alibe. Nde boma linaika mapaundi 20 miliyoni kuti liyesere kaye ndondomeko yothandiza mafakitale ang'onoang'ono, Made Smarter imeneyi, m'chigawo chathu chino cha North West, kutanthauza Greater Manchester, Lancashire, Cheshire, Cumbria ndi dera la Liverpool, ntchito n'kuyamba kuoneka mu 2019. Oyenera kuthandizidwa ndi mafakitale a anthu osakwana 250.

Bwana wathu ndi munthu uja amakhulupirira kuti boma likakumwetulira ndiye kuti likufuna msonkho. Anaimba foniyo ali ndi cholinga chimodzi, amafuna loboti yowotcherera yomwe anaiona ku chionetsero cha makina ku NEC ku Birmingham, ndipo anamva kuti a Made Smarter amalipira theka la mtengo wa zipangizo mpaka mapaundi 20,000. Ife owotcherera titamva za lobotiyo tulo tinasowa, osanama.

Kunabwera mayi wina. Ndimayembekezera wa suti ndi laputopu yake, koma anatsika mgalimoto atavala kale nsapato za sefite ndi kajekete kowala kaja, ndipo zinaoneka kuti anagwirapo mu fakitale zaka zambiri chifukwa amadziwa poima kuti folokolifiti isamugunde. M'mawa wonse sanakambe za kompyuta ngakhale kamodzi. Anatenga khadi limodzi la oda n'kumalitsatira, kuchokera muofesi mpaka pa geti potulukira katundu, akulemba m'kabuku pomwe laima, laima nthawi yaitali bwanji, ndani walikhudza. Atafika pa ine anandifunsa kuti pa tsiku ndimatha nthawi yochuluka bwanji ndili ndi tochi m'manja, ndipo yochuluka bwanji ndikufunafuna zinthu. Ndinayamba kuyankha zoti bwana asangalale, mayi uja anangondiyang'ana, nde ndinanena zoona, kuti masiku ena ola lathunthu limatha ndikusaka drawing yolondola kapena kudikira wa muofesi andiuze ngati hinji ikhale kumanja kapena kumanzere.

Sabata yotsatira anatisonkhanitsa mu kantini, khoma lonse analidzaza timapepala tomata tachikasu, kalikonse kakuimira sitepe imodzi ya oda. Tinawerenga malo omwe munthu amakopera pamanja zomwe wina analemba kale, anapezeka asanu ndi awiri. Bwana atabweretsa nkhani ya loboti, mayi uja anayankha mofatsa kuti lobotiyo nayo izidzakhala chiimire kudikira khadi lomwe lagwera kuseri kwa paleti. Kantini yonse inaseka kupatula bwana.

Zomwe tinagula pamapeto pake n'zosachititsa chidwi olo pang'ono. Pulogalamu yoyendetsera maoda, matabuleti okhala m'zikhokho zolimba pa makina aliwonse, kamakina kosindikiza ma barcode, ndi WiFi yamphamvu chifukwa m'nyumba yodzaza zitsulo netiweki imafa ngati uli ku Nthalire. Theka analipira bwana, theka linachokera ku thandizo lija. Anatitumiziranso mnyamata wa ku yunivesite kwa miyezi ingapo, malipiro ake osachokera m'thumba la bwana, ntchito yake kulowetsa zinthu zathu mu pulogalamuyo ndi kutiphunzitsa.

Miyezi itatu yoyamba inali chipwirikiti, ndisakunamizeni. Sikirini siimva chala chomwe chili mu gulovu yachikopa, nde umavula, kudina, kuvala, kenako waiwala kudina kuti wamaliza, muofesi zikuoneka ngati bulaketi imodzi waiwotcherera maola asanu ndi anayi. Kampani yomwe inatigulitsa pulogalamuyo poyamba imayankha foni msanga, italandira ndalama inayamba kuyankha mawa lake. Kwa kanthawi timayendetsa zonse ziwiri, tabuleti ndi pepala, ntchito kuwirikiza.

Koma nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya mdala wina wa pa press brake, wagwira pamenepo zaka zoposa 30. Kupinda chitsulo si kungodina ayi. Ukachipinda chimabwerera pang'ono ngati chikukana, ndipo kabwereredwe kake kamasiyana, stainless imabwerera kwambiri kuposa chitsulo wamba, chokhuthala mamilimita awiri sichichita ngati cha atatu. Mdalayu anali ndi kabuku kakuda m'thumba la ovolosi, kodzaza manambala omwe anawapeza yekha polakwitsa ndi kukonza kwa zaka zonsezo. Akadwala, mabokosi amatuluka zitseko zosatsekeka. Nde mnyamata wa ku yunivesite uja, mwaulemu wake, anapempha kabukuko kuti manambala alowe mu pulogalamu. Mdala anakana kwa masabata awiri. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi anandiuza chapansipansi kuti akapereka kabukuko ndiye kuti wapereka chifukwa chomwe amamusungira pa ntchito. Ndinalibe choyankha, chifukwa sankanama kwenikweni.

Chomwe chinamasula zinthu ndi choti mnyamatayo anasiya kupempha kabuku n'kuyamba kuima pambali pake tsiku lonse kumufunsa chifukwa chiyani apa mwaonjezera digiri imodzi, chifukwa chiyani apa ayi. Mdala amakonda kufunsidwa, ndani sakonda. Pano manambala ali mu tabuleti, pena pake pali ndemanga zake zolembedwa momwe amalankhulira, ndipo ndi iyeyo yekha ali ndi chilolezo chowasintha. Kabuku akadali nako m'thumba. Akuti batire ya kabuku siitha.

Funso la malume lija, ngati anatichotsa ntchito, yankho ndi loti palibe anachotsedwa, anaonjezerapo anthu awiri chifukwa maoda akutuluka pa nthawi yake ndipo makasitomala akubweranso. Ine ndikafika m'mawa ndimasikana barcode pa paleti, drawing yatsopano imatuluka pa sikirini, hinji kumanja, penti 9010, basi ndayamba. Koma pali mbali ina yomwe olemba malipoti satchula kawirikawiri. Tabuleti ija imawerenga mphindi. Bwana ali muofesi amaona kuti oda yakuti ndinaiyamba 9:14 ndipo ndamaliza 10:02, pomwe mnzanga dzulo anaimaliza mu mphindi 40. Sanandikalipirepo nazo, koma ndimadziwa kuti akuona, ndipo kupita ku toileti masiku ano ndimapita mothamangirako. Amene akukuuzani kuti zinthu izi zimangopeputsa ntchito basi sanaimepo pa makina.

Chifukwa chomwe ndikunenera kuti mayi uja ndi amene anali thandizo lenileni kuposa ndalama ndi ichi. Boma lomweli linayesa njira ina. Mu bajeti ya 2021 Rishi Sunak, ali nduna ya zachuma, analengeza za Help to Grow: Digital, pomwe bizinesi yaing'ono imapatsidwa vocha yochotsera theka la mtengo wa pulogalamu ya pa kompyuta mpaka mapaundi 5,000. Inayamba mu January 2022, umangolowa pa webusaiti, kusankha pulogalamu pa mndandanda, kulembetsa. Pofika kumayambiriro kwa 2023 anali ataitseka chifukwa anthu omwe anatenga mavochawo anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi omwe amayembekezera. Ndalama zinalipo, zaulere, anthu osazifuna! Ine sizinandidabwitse. Bwana wathu mukanamupatsa vocha ndi mndandanda akanatseka tsambalo n'kubwerera kukasaka khadi pansi pa paleti, chifukwa samadziwa kuti vuto lake dzina lake ndi chiyani. Iye amaona ngati vuto ndi owotcherera ochedwa. Made Smarter yokha inapitirira, mu 2021 inafika ku North East, West Midlands ndi Yorkshire, ndipo kumapeto kwa 2023 boma linalengeza kuti ifalikira zigawo zonse za England kuyambira 2025.

Sikuti ndi yabwino mbali zonse. Theka lina lija umalipira wekha, ndipo kwa munthu yemwe ali ndi antchito atatu mu galaja, kupeza mapaundi masauzande angapo oti aike pa mapulogalamu pomwe bilu ya magetsi yakwera ngati momwe inakwerera kuno mu 2022, ndi nkhani yovuta. Amene amapindula msanga ndi omwe ali kale ndi kenakake m'thumba komanso munthu muofesi wodziwa kudzaza mafomu. Izi ndi za kulikonse.

Tsopano shedi ya malume. Ali ndi anyamata anayi, amapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi zitseko, mbaula, nthawi zina madesiki sukulu ina ikawapatsa oda. Mukawafunsa ngati amagwiritsa ntchito luso lamakono akana, koma theka la maoda awo limabwera pa WhatsApp, munthu ali ku Johannesburg amatumiza chithunzi cha geti lomwe waliona ku Sandton kuti mundipangire ngati ili pa nyumba yanga ku Chileka, dipoziti imalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, chithunzi cha geti lomalizidwa chimabwerera pa foni pomwepo. Palibe boma linawaphunzitsa zimenezo. Zina zonse zili mu kope la sukulu la mizere, lomwe limagona pa shelefu pafupi ndi ma rod owotcherera.

Mavuto awo akuluakulu tabuleti singawathetse, ndikudziwa. Magetsi akazima makina owotcherera ndi chitsulo chabe chokhalira, ndipo chaka chija namondwe Ana anaononga Kapichira mu January 2022 anyamata amagona pa shedi kudikira magetsi a pakati pa usiku. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, geti lomwe anatchula mtengo Lolemba pofika Lachisanu kukagula ma tube ku Limbe ndalama ya kasitomala sinakwanenso, anaonjezera ya m'thumba. Nde munthu akabwera ndi nkhani ya ma barcode pamenepo akhoza kumuthamangitsa ndi hamala.

Komabe ndikaganiza zomwe mayi uja anachita kwathu, kutsatira pepala limodzi n'kuona pomwe ndalama ikudonthera, ndimaona kuti pa shedi ya malume zingagwire, mwina kuposa kuno. Ma tube amabwera otalika pafupifupi mamita 6, ndipo kadulidwe kake ndi komwe kamanena ngati geti lidye asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Malume amawerengera m'mutu, amalondola nthawi zambiri, koma kuseri kwa shedi kuli mulu wa zidutswa womwe ndi ndalama yogona. Kapepala ka Excel pa foni, kongolowetsa miyezo ya geti ndi mtengo wa chitsulo wa lero n'kukupatsa mtengo woti utchule, kakhoza kuwapulumutsa kwambiri kuposa makina aliwonse odula. Sikafuna WiFi, sikafuna mapaundi 20,000. Kakufuna munthu woti akhale nawo pa benchi sabata ziwiri zitatu mpaka akazolowere.

Ndipo apa ndi pomwe mtima umandiwawa, chifukwa kwathu thandizo la mabizinesi ang'onoang'ono nthawi zambiri limabwera ngati wekishopu. Masiku atatu ku nyanja, bana yaikulu kutsogolo, tisheti, alawansi, chithunzi cha gulu, wophunzitsa akuonetsa masilaidi a Industry 4.0, za mafakitale oyendera makompyuta, kwa anthu omwe ena mwa iwo sanagwirepo gilayinda, pomwe mwini shedi weniweni sangasiye ntchito masiku atatu chifukwa anyamata adya chani. Masomphenya a Malawi 2063 amatchula mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, mabungwe alipo, TEVETA ilipo, ndipo ana a uinjiniya a ku MUBAS, Poly yakale ija, ali pa Chichiri pompa, minibasi imodzi kapena ziwiri kuchokera ku Ndirande, chaka chilichonse amavutika kusaka malo a attachment. Ndalama ya wekishopu imodzi ya ku nyanja ingalipire ana angati kuti akakhale m'mashedi a ku Ndirande, ku Mchesi, ku Zolozolo miyezi itatu? Sindine wa ndondomeko za boma ine, ndine wowotcherera, koma masamu amenewo ndimawatha.

Nditawauza malume maganizo amenewa anakhala chete kaye, kenako anati, "Ndiye mwana wa ku Poly ameneyo masana azidya kwa ndani? Ine?" Ndinati boma lizimulipira, ngati momwe anachitira kwathu kuno. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, wakhalitsa kunja iwe."

Mwina ndakhalitsadi. Nde poti mwana wa ku Poly sakubwera msanga, ndinawapempha kuti ajambule masamba a kope lija anditumizire, ndiyese ndekha kupanga kapepala ka Excel ndikaweruka. Anatumiza masamba 23, ena ozondoka, limodzi chala chawo chaphimba theka. Ndakhala nawo mausiku atatu. Ndapeza kale kuti pa mageti ambiri amawerengera chitsulo, penti ndi ntchito, koma ma rod ndi ma disc a gilayinda salemba paliponse, amangogula zikatha ngati mchere wa pakhomo. Ndawauza, akuti aa zimenezo ndi zazing'ono, ndawauza kuti aphatikize malisiti a mwezi umodzi aone ngati zili zazing'ono, akuti malisiti anayatsira mbaula.

Pa tsamba 17 pali dipoziti ya geti, K150,000, deti palibe, nambala ya foni palibe, dzina palibe, pangolembedwa kuti "bambo a Corolla yoyera". Geti analipanga, lili kuseri kwa shedi chiimire, layamba dzimbiri m'munsi. Ndafunsa malume kuti bambowo ndi ndani, akuti akawaona awadziwa.